Mapu Opanda Mudzi

Abambo Suwedi anali atangovula nsapato imodzi pamene anamva kugogoda. Inali seveni koloko m'mawa wa Loweruka, ndipo miyendo yawo inali itatupa ndi kuima pageti la fakitale ina ku Jeppe kuyambira dzulo lake. Anamvetsera kaye. Munthu wodzapempha mchere amagogoda kawiri n'kudikira. Uyu ankangogogoda osalekeza.

"Lowani, sichokhoma."

Analowa Consolata, mayi wa m'chipinda chachitatu. Nyumba yawo ya ku Yeoville kalekale inali ya banja limodzi la azungu. Tsopano inadulidwadulidwa ndi mabolodi kukhala zipinda zisanu ndi zinayi, moti munthu akatsokomola kumapeto, wa kuchiyambi ankati pepani. Koma pa zaka zinayi zimene anakhala moyandikana, abambo Suwedi anali asanamuonepo Consolata wopanda mpango kumutu ngati lero.

"A Sajeni, akuti ndaba."

Dzina limeneli linawatsatira kuchokera ku Limbe, kumene anafufuza milandu kupolisi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi asanabwere ku Joni kudzatsegulira anthu mageti. Anamulozera mpando umodzi womwe anali nawo.

"Khalani pansi, amake Brave. Yambirani poyambira."

Consolata ankakolopa mu ofesi ina ku Parktown. Inali kampani yojambula mapu. Sinkatuma anthu kutchire ndi zingwe zoyezera ayi. Inkalandira zithunzi zojambulidwa ndi masetilaiti ndi ndege, n'kumaziunika pakompyuta kuti ione pamene dziko lili ndi nkhalango, pamene pali madzi, ndi pamene pansi pabisala miyala ya mtengo wapatali. Chaka chimenecho ntchito yawo yaikulu inali ya ku Malawi, n'chifukwa chake mu ofesimo munali Amalawi ena awiri: a Jerome, mkulu wa ntchitoyo, ndi Millicent, mtsikana wophunzira za miyala.

"Dzulo masana kwasowa ka hard drive m'dirowa ya Millicent," anatero Consolata. "Kabokosi kakuda, kukula kwake ngati sopo wochapira. Akuti ndi mmene muli zithunzi zonse zoyambirira, zimene sizinakhudzidwepo. Bwana wanena kuti Lolemba ikakwana thwelofu kasanabwere, aitana apolisi. A Sajeni, permit yanga inatha chaka chatha. Apolisi sadzafunsa za bokosi. Adzafunsa pepala."

"Nanga akuloza inu bwanji?"

"Makiyi a khomo lakumbuyo tili nawo atatu: bwana, a Jerome, ndi ine poti ndimatulutsirako zinyalala. Bwana anali kumsonkhano ku Sandton pamodzi ndi Millicent. A Jerome anachoka thwelofu koloko, anapita ku Orange Farm kukapempherera wodwala wa mumpingo mwathu. Ndiye ndatsala ine. Komanso gadi anandiona ndikutuluka nditapanira chinthu m'khwapa."

"Anaona zoona?"

Consolata anayang'ana pansi.

"Amake Brave, ine tulo tandikwana. Ngati mwabwera kudzandinamiza, ndisiyeni ndivule nsapato inayi."

Mayiyo anadzuka n'kupita kuchipinda kwake. Anabwerera ndi chipepala chachikulu chokulungidwa, n'kuchitambasula pabedi. Chinali chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba: phiri, kamtsinje kokhotakhota, minda, ndi timadontho toyera tambirimbiri m'munsi mwa phirilo.

"Ndinachitola mu bini Lachinayi, anachitaya ndi a Jerome. Ndinachibisa kukhitchini, dzulo ndiye ndinatuluka nacho. Ili ndi phiri la Nankhwala. Timadonthoti ndi malata." Chala chake chinayenda pang'onopang'ono, chinaima pa kadontho kamodzi. "Apa ndi kwa Mwanyali, kwathu. Iyi ndi nyumba ya mayi anga. Dengali ndinangolimva pafoni kuti analikhoma, ndi maso sindinalionepo. Zaka naini, a Sajeni, osapondako. Ndimati ndizichipachika kumutu kwa bedi."

Abambo Suwedi anagwira ngodya ya pepalalo. Silinali long'ambika, ngakhale lothimbirira.

"Pepala labwinobwino chonchi munthu angalitayirenji?"

"Pakhoma anaikapo latsopano, la malo omwewa."

"Lofanana ndi ili?"

"Ndinaima ndi mopu wanga kusakasaka kwathu. Phiri lilipo, mtsinje ulipo. Mudzi palibe, ndi tchire lokhalokha. Ndinawafunsa a Jerome mocheza kuti kodi kwathu mwakupititsa kuti. Anaseka, anati mitambo inaphimba. Mawa lake ndi pomwe ndinasanduka wakuba."

Abambo Suwedi anapumira m'mwamba. Kenako anawerama n'kuvalanso nsapato ija.

*

Gadi wa ku Parktown anali Mwansa, wa ku Lusaka, wamtali ngati mlongoti, ndipo ankadziwana ndi abambo Suwedi kuchokera pamene onse ankalondera ku Bruma. Anawalandira atanyamula manja m'mwamba.

"Ah, ba Sajeni! Mwabwela pa nkani ya ba Consolata, ai? Ine sininakambe kuti baba, iyayi. Ninakamba che kuti ninabaona na chintu mu kwapa. Bwana anifunsa, manje nizanama?"

"Palibe akukunena. Anatuluka nthawi yanji?"

"Half four. Onani mu buku, nimalemba vonse."

"Kuyambira thwelofu mpaka hafu folo, analowa ndani?"

"Pa geti pano? Palibe olo galu. Motoka ya bwana inachoka one o'clock na ka Millicent. Ya ba Jerome inachoka twelve-ten, siinabwelele. Ija motoka niiziba monga mukazi wanga, ndine nimaisuka. Friday kuseni ninaipaka na polish, inali kung'anima monga galasi. Nyowani, mudala. Ilibe olo ka scratch."

"Kamera ya khomo lakumbuyo?"

Mwansa anaseka mopanda chimwemwe. "Load shedding, two to four. Inali pa timetable, aliyense anali kuziba. Battery ya ma camera inafa kudala, nakamba nalema. So malaiti yakazima, camera ni chidoli che."

"Consolata anali kuti magetsi atazima?"

"Pa second floor, ku ma toilet. Mara pamene matalala yanayamba anaseluka, tinavala mawindo ya pa reception tonse babili. Simunayamve? Three o'clock! Monga bantu baponya myala pa malata. Twenty minutes che, yasila, zuba yabwela."

Abambo Suwedi nawonso anali atawamva matalalawo. Anawadzutsa ku Yeoville atangogona kumene.

"Khomo lakumbuyolo limatulukira kuti?"

"Ku kanjila ka kumbuyo. Kulibe vintu kuja, ni ma bin na mitengo che."

Abambo Suwedi anazungulira nyumbayo okha, akukoka miyendo. Kanali kamsewu kopapatiza, mbali zonse mitengo ya jakaranda, ndipo poti kunali kumapeto kwa sabata, wosesa anali asanadutsemo. Matalala anali atayoyola maluwa ndi masamba, phula lonse linali bii ndi zofiirira zonyowa zomatirira pansi. Anayenda mpaka pachitseko chachitsulo, pomwepo anaima.

Pafupi ndi chitsekocho panali malo amodzi oyera, phula likuoneka, opanda duwa. Anali amakona anayi. Anawayeza ndi mapazi: pafupifupi mamita asanu m'litali, awiri m'lifupi.

Pamene matalala ankagwa, apa panali pataima galimoto.

*

Millicent ankakhala m'mafulati a pafupi ndi Joubert Park, pansanjika yachikhumi, ndipo lifiti inali itafa kuyambira Isitala. Abambo Suwedi anapuma kanayi pamasitepe, chipepala chili m'khwapa. Mtsikanayo anatsegula chitseko tcheni chili chokoloweka, anachotsa atamva dzina la Consolata.

"Ankolo, honestly, ine sindikudziwa chilichonse. Ndinakiya dirowa one o'clock, tinabwerako five, ndinapeza loko wathyoledwa. That's all. Anti Consolata sangabe, I know that, koma ine ndinene chiyani?"

"Ndipatseni madzi kaye, mwanangu."

Atamwa anafunsa: "Kabokosiko munthu atakagulitsa angapezepo kanthu?"

"Pa Small Street? Mwina ya airtime. Chofunika ndi zimene zili m'katimo, koma wamba sangazitsegule n'komwe."

"Zikasowa ndiye kuti zapita?"

"Tingathe kuitanitsanso kwa eni setilaiti, koma zimatenga masabata, ndipo bwana sangavute nazo. Ntchito inatha. Lipoti tinatumiza mwezi watha."

"Mapu amene anapita ndi lipotilo muli nawo?"

Anali nawo pa laputopu. Anawatsegula patebulo la pawindo, pansi pakumveka mahutala a mateksi ndi ogulitsa malonda akukuwa. Linali phiri lomwe lija, koma lopakidwa mitundu: kubiriwira, chikasu, ndipo m'munsi mwake chigamba chofiira kwambiri.

"Kufiiraku si moto," anatero Millicent, mawu ake akukhazikika poti tsopano ankanena za ntchito yake. "Mwala uliwonse umabweza kuwala kwa dzuwa mwa mtundu wake, ndipo setilaiti imaona mitundu imene maso athu saona. Ndege nayo inadutsa chapansipansi kuyeza mphamvu yochokera m'nthaka. Tikaphatikiza ziwirizo, pofiira ndi pamene pali miyala yosowa, imene amapangira zida za m'mafoni ndi m'magalimoto a magetsi. Pa dziko lonse limene tinayeza, apa ndiye pofiiritsa."

"Chotsani mitunduyo, ndione nthaka yokha."

Anadina. Panatsala tchire lotuwa ndi mitengo yapatalipatali. Abambo Suwedi anatambasula chipepala cha Consolata pambali pa laputopu, anachitsamiritsa ndi kapu. Millicent anayang'ana pepala, anayang'ana kompyuta, anayang'ananso pepala.

"No. Apa payenera kukhala nyumba. Ndinaziwerenga ndekha mu June, zinali sixty-four."

"Ena akuti mitambo inaphimba."

"Mitambo imaoneka yoyera, ankolo. Siimeretsa mitengo."

"Takulitsani pamenepo."

Anatulutsa magalasi awo a mwendo umodzi womangidwa ndi ulusi, anasendera pafupi. Kenako chala chawo chinagunda galasi la kompyuta.

"Mlambe uwu. Uli ndi nthambi yaikulu yopindikira kumanja, mthunzi wake ukugwera pa mwala woyera. Mwauona? Tsopano tsikani pang'ono. Nawu pano, nthambi yomweyo, mwala womwewo. Pitani kumanzere. Nawunso." Anavula magalasi. "Kwathu ndinakulira pakati pa milambe. Sindinaonepo iwiri yofanana ngati mapasa, nanji itatu."

Millicent anagwira pakamwa. "Oh my God. Wina wakopera tchire la kuseri kwa phiri n'kulimata pamwamba pa mudzi."

"Apindulanji?"

"Mapu akaonetsa anthu, ofuna kukumba amayenera kuchita misonkhano, kuwafunsa, kuwapezera malo ena. It takes years. Akaonetsa tchire, chilolezo chimatuluka msanga. Pofika ndi makina, anthu aja amaoneka ngati ndi iwo alowerera malo a eni."

"Ndipo umboni woti mudzi unalipo unali m'kabokosi kaja."

"Ndi papepala ili." Millicent anakhala pabedi. "Ankolo, mundimvetse. A Jerome ndi amene anandiitana kuno ndili pa ulova ku Zomba. Permit yanga yalembedwa dzina la kampani. Ntchito ikatha, inenso ndatha. Kwathu kuli ang'ono anga atatu pasukulu."

Abambo Suwedi anakulunga chipepala chija mosafulumira.

"Ine sindinatchule dzina la munthu, mwanangu. Mwatchula ndinu."

*

Mpingo wa Amalawi unkapemphera Lamlungu m'holo ya sukulu ina ku Bertrams. Abambo Suwedi sanalowe, poti iwo ndi a kumzikiti. Anadikira panja padzuwa, nyimbo zikutulukira m'mawindo, akuyendayenda pakati pa magalimoto mpaka anapeza yotuwa, yatsopano, imene Mwansa anawauza nambala yake. Patali inkang'anima. Atayendetsa chikhatho pa boneti anamva timaenje ting'onoting'ono, ngati wina anagogoda paliponse ndi hamala ya mwana. Padenga chimodzimodzi. Pansi pa waipa panali patakanirira duwa louma la jakaranda.

Anatsamira galimotoyo n'kutseka maso mpaka anamva "Amen" womaliza.

A Jerome anatuluka atavala suti yabuluu, Baibulo m'manja, akupatsa anthu moni wa manja awiri. Anali mkulu wa mpingo, munthu wa mawu ofewa.

"Akulu a Suwedi! Mwatiyendera lero? Mukanalowa, khomo la Ambuye silisankha."

"Ndabwera pa nkhani ya amake Brave."

"Aa, yomvetsa chisoni. Tawapempherera lero lomwe. Mayesero a ku Joni ndi ambiri, akulu, munthu amagwa osafuna. Angobweza, ine ndikawapepesera kwa bwana."

"Inu Lachisanu munali kuti?"

"Ku Orange Farm, kwa mbale wathu wodwala impso. Ndinanyamuka thwelofu, ndinabwerera kunyumba ku Turffontein dzuwa litalowa."

"Mvula inakupezani kumeneko?"

"Mvula yake iti? Kuja ndi fumbi lokhalokha, dzuwa lochita kuwawula. Anthu akulira ndi madzi."

"Dzulo munayenda?"

"Ayi, ndinali m'nyumba kukonza ulaliki. Galimoto inali m'galaja." Anamwetulira. "Kodi upolisi suutha m'magazi, eti?"

Abambo Suwedi anagwira dzanja la a Jerome, ngati akufuna kuwapatsa moni, n'kuligoneka pa boneti. Analiyendetsa pang'onopang'ono. Kumwetulira kuja kunatsalira pamilomo pokha.

"Mwansa anaipukuta Lachisanu m'mawa, akuti inali ngati galasi. Awa ndi matalala, a Jerome."

"Anandipeza panjira. Ndinaiwala."

"Panjira pati? Nthawi yanji?"

"Cha ku Southgate, pobwerera. Akulu, ine sindili pa mlandu."

Anthu anali atayamba kumwazikana. Millicent anali ataima pamasitepe a holo ndi chikwama chake, akuwayang'ana, osasendera komanso osachoka. Abambo Suwedi anamukodola.

"Mwanangu, makina anu akumwamba aja amaonanso mvula?"

Mtsikanayo anayang'ana a Jerome. A Jerome anamuyang'ana monga bambo amayang'anira mwana amene akufuna kulankhula pamaso pa alendo.

"Millicent," anatero mofatsa, "pita kunyumba. Izi si zako."

Anaima pomwepo, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Kenako anatulutsa foni.

"Za nyengo zimasungidwa, aliyense angathe kuziona," anatero ndi mawu otsika. "Ili ndi Lachisanu, three o'clock. Chigamba ichi ndi mtambo wa matalala. Unayambira ku Parktown, unadutsa Houghton ndi Yeoville, unathera cha ku Observatory twenty past three. Kumwera konse, Southgate, Turffontein, Orange Farm, kunalibe mtambo tsiku lonse." Anakweza maso. "Pepani, a Jerome. Kunalibe."

"Munadikira magetsi azime kuti kamera isaone," anatero abambo Suwedi. "Munaimika kumbuyo kuti Mwansa asalembe. Ku Orange Farm munapitadi, koma mutachoka ku Parktown. Zonse munaziwerengera bwino. Matalala okha ndi amene sanali pa timetable."

A Jerome anatsegula chitseko cha galimoto, anakhala pampando miyendo ili kunja, Baibulo pamaondo. Mwadzidzidzi anaoneka okalamba, ndi otopa ngati munthu amene naye wachezera kuima pageti.

"Mukuganiza kuti ndikanakana akanasiya?" anatero. "Anthu ofuna phiri lija anandipeza katatu. Kachitatu ananditchulira sukulu imene ana anga amaphunzira, ndi nthawi imene amaweruka. Anati anthuwo adzawasamalira bwino, kungoti asachedwetse ntchito. Ndikanakana akanapeza Jerome wina."

"Mwina. Koma amene anasankha kuti mayi wokolopa apite kundende ndi Jerome uyu."

"Anafunsa funso. Akanangokolopa osayang'ana pakhoma..." Sanamalize.

"Kabokosi kali kuti?"

A Jerome analoza kumbuyo ndi mutu. "Pansi pa tayala la sipeya. Ndimati ndikataye mu damu. Ndinalephera kawiri."

Millicent anatsegula buti, anatulutsa kabokosi kakuda kokulungidwa m'nsanza yopukutira galimoto.

"Apolisi ine sindikuwafuna," anatero abambo Suwedi. "Akabwera adzayamba ndi mapepala a tonsefe. Mawa eyiti koloko mukalowe kwa bwana wanu pamodzi ndi mtsikanayu, mukanene ndi pakamwa panu kuti amake Brave sanabe, ndi zimene munachita pa mapu. Mukapanda kutero, Lamlungu likudzali ndidzalowa m'holomu koyamba, ndi chipepala ichi."

A Jerome anagwedeza mutu osakweza maso.

"Ine zithunzi zenizeni ndizitumiza lero kwa amene anatipatsa ntchito ku Malawi," anatero Millicent. "Kaya adzatsegula liti. Kaya mawa ndidzakhala ndi ntchito. I don't know."

Consolata anali womaliza kutuluka m'holo, poti ankapinda nsalu za paguwa. Abambo Suwedi anamufotokozera mwachidule pamthunzi wa khoma. Sanalire, sanasangalale. Anayang'ana a Jerome kamodzi kokha, nthawi yaitali, kenako anafunsa Millicent:

"Mwati lipoti linapita liti?"

"Mwezi watha, anti."

Anapisa m'bulauzi, anatulutsa foni, anaimbira mchimwene wake Chris kumudzi. Inaitana kambiri. Atayankha, anaika mawu pokweza kuti onse amve. Kumbuyo kunkamveka nkhuku ndi mwana akulira.

"Achimwene, kumeneko kuli bwanji? Kwabwera alendo?"

"Mwamva kwa ndani, achemwali? Sitimafuna kukudandaulitsani. Anabwera Lachiwiri ndi galimoto ziwiri zoyera. Akhoma zikhomo zofiira kuchokera kumtsinje mpaka kusukulu. China chili kuseri kwa khitchini ya mayi."

"Munawalola?"

"Anali aulemu. Anationetsa pepala lachidindo, akuti lachokera ku Joni komweko, lojambulidwa ndi makina akumwamba amene sanama. Akuti malo ano ndi tchire, kulibe anthu. Tinawapatsa mipando, anakhala, anamwa madzi athu, akutiuza kuti kulibe anthu."

Millicent anatembenukira kukhoma.

"Imani kaye, mayi akufuna ndikufunseni," anapitiriza Chris. Kunamveka mawu a nkhalamba chapatali, kenako iye anabwereranso. "Akuti mvula yayandikira, mizere anaunga kale, mbewu ili m'nyumba. Koma chikhomo china chili pakati pa munda. Ndiye akuti inu muli kufupi ndi kumene pepalalo lachokera. Adzale kapena asadzale?"

Consolata anayang'ana abambo Suwedi. Anayang'ana Millicent. Mtsikanayo anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, anaika kabokosi kaja m'chikwama, anatseka zipi, n'kukoloweka chikwamacho paphewa.

Consolata anabweretsa foni kufupi ndi pakamwa.

"Auzeni adzale," anatero. "Mpaka pachikhomo pomwepo."